Mbande Zopaka Utoto

Mutu 6

1. Shelefu yoyera

Aliyense amene anaphunzirapo pasukulu yathu ya zaulimi amachikumbukira chipinda cha mabotolo. Munkalowamo mutavula nsapato, mutapukuta manja ndi sipiriti, pakamwa mutamanga kansalu. Kuyetsemulira m'menemo unali mlandu. Mabotolo ankakhala ndandanda pansi pa nyale zamagetsi, lililonse lili ndi phala loundana la shuga ndi michere, kukamwa kwake kotsekedwa ndi thonje ndi pepala. M'mabotolomo ndi mmene tinkaleramo mbande za mpunga.

Shelefu yapakati inali ya Tao Suyun, mtsikana wa chaka chomaliza wochokera kumapiri. Kwawo kunali mpunga womata, wonunkhira kwambiri, woti nyumba imodzi ikaphika mudzi wonse unkadziwa. Koma chiwawu chinaulowa chaka ndi chaka mpaka anthu anausiya. Mbewu yomaliza, yongodzaza dzanja limodzi, inali mumtsuko umene amayi ake a Suyun anasiya pomwalira. Bambo ake anabwera nayo kusukulu ataimanga pampango.

Aphunzitsi Shao, mayi wa imvi amene ankayang'anira chipindacho, anaukwatitsa mpungawo ndi wina wosagwidwa chiwawu. Ana ake atatulutsa ngala, Suyun anachotsa timatumba ta mungu ndi kuyala paphala lija. Njira imeneyi ndi yachidule, chifukwa mbande yochokera ku mungu wokha imadzabereka mbewu yosasinthasintha, popanda kudikira zaka zambiri. Ngala zonse zinathera pantchitoyi. Mbewu ina panalibenso.

Mbandezo zinameradi, koma zinamera zoyera mbee! Botolo ndi botolo, masamba ake ngati ulusi. M'botolo limodzi lokha ndi mmene munali mbande ziwiri zobiriwira, zitapanikizika pakati pa zoyera. Mpunga wonse wa kwawo kwa Suyun unali pa ziwirizo basi.

2. Mawu a Aphunzitsi Shao

Inali nyengo yosesa manda, pamene aliyense amapita kwawo kukalambula pamanda a makolo ndi kukolekapo mapepala oyera. Tchuthi chikangotha tinkayembekeza alendo akuluakulu ochokera kuchigawo. Choncho Bambo Kuang, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ankazungulira sukulu yonse. Bambo ameneyu ankakonda maonekedwe moti akanatha kupentetsa ngakhale nkhumba za sukulu.

Atafika pashelefu ya Suyun anatsinya nkhope.

"Maliro a ndani awa?" anafunsa. "Alendo abwere kudzaona chitukuko, inu muwaonetse mapepala a pamanda? Asa!"

"Ndi mpunga, a Kuang, si maliro," anayankha Aphunzitsi Shao.

Bambo Kuang anatuluka akung'ung'udza. Suyun misozi inali italengeza. Pakhomo panaima Gong Dehai, mnzake wa m'kalasi, yemwe ankatsatira Bambo Kuang kulikonse.

"Khala pansi, Suyun," anatero aphunzitsiwo. "Nawenso Dehai, lowa, usaime ngati wadzapala moto. Nditchereni khutu nonse.

"M'tsamba lililonse muli timiphika tobiriwira, tating'ono tosaoneka ndi maso. Ndi mmene mbewu imaphikira chakudya chake ndi dzuwa. Timiphikati tili ndi malangizo aketake a chibadwa, ndipo mpunga umatilandira kwa mayi, osati kwa bambo. Mungu ndi mbali ya bambo. Ukamakhwima sutisamala timiphika take, chifukwa sudzatipereka kwa mwana aliyense. Timangodzaza ufa, malangizo aja nkuyamba kuduka apa ndi apo. Tsono tabwera ife ndi nzeru zathu, taukakamiza mungu kuti ubereke wokha popanda mayi. Waberekadi, koma ana ambiri atenga miphika yobooka. Ndiwo oyerawa.

"Zimayenderanso mtundu. Mitundu ina ya mpunga chibadwa chake chimasamala timiphikati, ndipo mbande zambiri zimatuluka zobiriwira. Ina ayi. Wa kwanu uli m'gulu la yovutayo, Suyun, si kulakwa kwako. Tikathyola ngala mungu ukadali wanthete zoyera zimachepako, koma kutha sizitha.

"Ndiye mumve bwino. Mbande yoyera si tsoka, ndipo siipatsira inzake. Ikukhala ndi moyo chifukwa cha shuga wathu, ndipo tsiku loitulutsa m'botolo ndi tsiku lake lofa. Palibe feteleza kapena mankhwala amene angaibiriwitse. Koma ikunena zoona za mpunga umenewu, ndipo alendo ayenera kuziona momwe zililimu. Chinthu chimodzi chokha ndikuletsani. Botolo silitsegulidwa kunja kwa kabati ya mpweya wosefa, ndipo chilichonse chimene sichinapite mumphika wa nthunzi wophera tizilombo chisalowemo. Phala limene likudyetsa mbande ndi lomwelo limene chuku chimalifuna, ndipo chuku sichisankha kuti iyi ndi yoyera, iyi ndi yobiriwira."

Atatero anapereka kiyi wa chipindacho kwa Suyun, nkuthamangira sitima, pakuti manda a makolo awo anali kutali kumpoto.

3. Burashi ya Dehai

Aphunzitsi Shao atangotuluka pageti, Bambo Kuang anamuitanitsa Suyun.

"Ndikamabwera ndi alendo ndisaone choyera pashelefu ija," anatero. "Uchita bwanji, ndi zako. Ndikachiona, ndiitayitsa yonse kudzala la nkhumba."

Masana amenewo kukhitchini kunali phokoso la mitondo. Ophika ankasinja masamba a chitsamba chotchedwa ai, aja amene madzi ake amabiriwitsa timikate ta mpunga timene timapita nato kumanda. Suyun anakhala pakhonde mutu uli pansi. Dehai anamupeza pomwepo, atanyamula mbale ya madzi obiriwirawo.

Mnyamata ameneyu dzanja anali nalo, tisamunamizire. Nsalu zonse zofiira zolandirira alendo ankalemba ndiye, ndipo chaka chatsopano aphunzitsi ankafola kuti awalembere mawu opachika pazitseko. Koma kutamandidwa kunamulowa m'mutu, mpaka anayamba kuganiza kuti palibe vuto padziko limene burashi singakonze.

"Iwe Suyun, ukulirira udzu?" anatero.

"Choka apa. Pita kwa abwana ako."

"Iii, ukali! Ine ndabwera kudzakuombola. Taona." Anasolola m'thumba burashi yake yowonda kwambiri, ija yolembera zilembo zing'onozing'ono. "Ilowa pakhosi pa botolo osakhudza galasi. Tsamba lililonse kamodzi, kawiri, basi. Mkate umabadwa woyera, koma kumanda umafika wobiriwira. Nanga mpunga wako uli ndi nyanga?"

"Sunawamve aphunzitsi? Madzi amenewo sanaphikidwe."

"Aphunzitsi ali m'sitima, akudya mtedza. Ndi masamba awa, iwe, si ndowe. Timadya ife tomwe. Komanso zoyerazo ndi zofa kale, anena okha. Chofa chingafenso kawiri?"

Suyun anayang'anitsitsa mbale ija.

"Alendo amabwera ndi wojambula," anapitiriza Dehai motsitsa mawu. "Tangoganiza. Iwe waima apa, shelefu ili biriwiri kumbuyo kwako, dzina lako lili m'nyuzipepala ya chigawo. Bambo ako adzaimata pakhoma."

Kunena zoona, njira zinalipo. Akanatha kuimbira foni Aphunzitsi Shao. Akanatha kusamutsira mabotolo oyerawo kushelefu ya kuseri, alendo nkudutsa osawaona. Koma nkhani ya nyuzipepala inamukomera m'khutu. Zimandinyansa kunena, koma mtsikana wanzeru uja, amene anapirira nyengo yonse yozizira akutola mungu ndi kachitsulo, anagonja ndi mbale ya madzi a kukhitchini.

Anatsegula chipinda. Anatenga botolo la mbande ziwiri zija nkuliika pashelefu ya pansi, kukona.

"Ili usalikhudze, Dehai. Wamva? Ukalikhudza ndikuthyola zala."

"Ndamva, mayi. Thamanga, basi ikusiya."

Anamusiyira kiyi, nkupita.

4. Pamanda a amayi

Bambo Tao, bambo ake a Suyun, anali munthu wosalankhula zambiri. M'mawa wa tsiku losesa manda anakwera phiri ndi khasu, Suyun ali pambuyo ndi dengu. Anazula udzu, anathira dothi latsopano pamtumbira, nkukoleka mapepala oyera pakamtengo. Suyun anayala timikate tobiriwira ndi kuthira tiyi m'tizikho.

"Nanga mpunga wa amayi ako uli bwanji, Yun?" anafunsa bambowo akupukuta thukuta.

Mphepo inkagwedeza mapepala oyera aja. Suyun anawayang'ana, nkuyang'ana kumbali.

"Wabiriwira, Ababa."

"Wochuluka?"

"Shelefu yonse."

Bambo Tao anagwada, nkuyatsa zofukiza. "Wamva, mayi wa Yun?" anatero akuyang'ana mwala wa pamanda. "Mbewu yako sinafe. Mwana wako waidzutsa, shelefu yonse. Kadimba kako ka pafupi ndi kasupe ndikalima mawa. Chaka chamawa tidzakubweretsera mkate wa mpunga wakowako, osati wogula uwu wosanunkha kanthu."

Atatha anagawana timikate monga mwa mwambo. Suyun analuma kake. Madzi a ai anamuwawa pa lilime. Kotsalako anakabisa m'thumba bambo ake akuyang'ana kwina. Kunama kwa amoyo nkoipa kale, koma iye anali atanamizanso womwalira, ndipo zinamunyansa yekha.

Potsika phiri bambo ake anaima pafupifupi nyumba iliyonse kuuza anthu nkhani yabwinoyo.

5. Fungo

Basi yobwerera inachedwa, moti Suyun anafika pasukulu alendo atalowa kale. Anawapeza pakhomo la chipinda cha mabotolo. Pamwamba pa chitseko panali nsalu yofiira ya zilembo zokongola za Dehai. Bambo Kuang anali ataiona shelefu tsiku limene inapakidwa, anaiyamikira, nkukiya chitseko okha kuti pasalowe fumbi. Kuyambira pamenepo panalibe amene anasuzumiramo.

"Tsopano muone chimene timanyadira," anatero Bambo Kuang, chifuwa chili patsogolo.

Anatsegula. Fungo linatuluka lokha guu, ngati la kabichi wovundira mumtsuko. Mlendo wina anagwira mphuno. Wojambula anatsitsa kamera yake.

Shelefu yapakati inali nyansi zokhazokha. Phala lija linali litasungunuka, lasanduka madzi achikasu a thovu. Pamwamba pake panamera chuku chaubweya, china chakuda, china chotuwa, china chofiirira, chitakwera galasi mpaka pathonje. Mbande zinali zitagona m'matope amenewo, utoto ukuchucha m'masamba mizeremizere, pansi pake kuyera kuja kukuonekera. Munthu sakanafuna kuyang'ana kawiri.

Bambo Kuang anakankha chitseko ndi phazi.

"Kuno akukonzako," anatero. "Tiyeni tikaone nkhumba. Nkhumba zathu ndi zonenepa kwambiri."

Gulu lonse linakhotera kumakola. Panatsala Suyun, Dehai amene ankafuna kuzemba, ndi Aphunzitsi Shao, omwe anali atangofika chikwama chikadali m'manja.

Suyun anathamangira kukona, kushelefu ya pansi. Panalibe kanthu.

"Dehai! Botolo langa lili kuti?"

Dehai analoza ndi chibwano. Linali pakati penipeni pa shelefu, kutsogolo, pamalo aulemu.

"A Kuang analiona nkunena kuti ndilo lokongola kuposa onse, liikidwe patsogolo," anatero akuchita chibwibwi. "Ndiye zoyera za m'botolomo zimaonekera kwambiri pafupi ndi zobiriwirazo. Ndinangomalizitsa kuzipaka. Zobiriwirazo sindinazikhudze, ndikulumbira."

"Ndinakuuza chiyani, galu iwe?"

"Kiyi unandipatsa ndiwe. Ndinathyola chitseko ine?"

Suyun anatukula dzanja, koma linatsika lokha. Mnyamatayo ankanyansa, koma sankanama.

6. Thonje ndi mpeni

Aphunzitsi Shao sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anaika chikwama pansi, anasamba m'manja, anayatsa kabati ya mpweya wosefa ndi kanyale ka sipiriti.

"Dehai, tenga ndowa. Mabotolo onsewa apite mumphika wa nthunzi, kenaka uwatsuke limodzilimodzi ndi manja ako okongolawo. Usavale kansalu pamphuno. Ndikufuna ulimve bwino fungo la ntchito yako. Suyun, bwera nalo botololo."

Aphunzitsi analitsegulira m'kabatimo. Ndi kachitsulo kopanira anatulutsa mbande imodziimodzi nkumaiika pambale yagalasi. Zonse zinkaoneka zobiriwira mofanana, zoterera ngati nyongolotsi.

"Tandiuza, zako zenizeni ndi ziti?"

Suyun anayang'anitsitsa. "Sindikuzizindikira, Aphunzitsi."

"Ndi chimene bodza limachita chimenecho. Silingobisa choipa, limasokeretsanso chabwino chimene unali nacho. Pamene shelefu inali yoyera, ziwiri zija zinkaonekera uli pakhomo. Lero mwini wakewe ukuzifunafuna. Anthu ngati a Kuang udzawapeza kulikonse kumene udzagwire ntchito, mwana wanga. Adzakuuza kuti alendo asaone ichi, akuluakulu asamve icho. Iwo alendo akapita amakagona tulo. Koma mbewu imapita kumunda, ndipo kumunda kulibe burashi. Mlimi amene wakhulupirira mawu ako amalima, amathira manyowa, amadikira. Ukamupatsa chopaka, wamubera chaka chonse, ndipo ana ake ndi amene amagona ndi njala. Tenga thonje. Pukuta tsamba lililonse."

Suyun ananyowetsa thonje nkupukuta mbande yoyamba. Thonje linabiriwira, tsamba linayera. Yachiwiri chimodzimodzi. Mulu wa thonje lobiriwira unakula pambali pake.

Kenaka anapukuta ina, thonje nkukhala loyera. Koma atainyamula, tsinde linatsalira pakachitsulo, lofewa phwetete. Chuku chinali chitaidya mpaka mkati.

"Yapita imeneyo," anatero aphunzitsi. "Pitiriza."

Inapezeka kumapeto, yaing'ono kuposa inzake ija. Anaipukuta kawiri, katatu, ndipo inakhalabe yobiriwira. Tsinde linali lolimba, koma mizu yonse inali itakutidwa ndi ubweya wakuda.

Aphunzitsi Shao anawotcha kampeni pamoto, anadikira kuti kazizire, nkukapereka kwa Suyun.

"Mizu yonse ichoke. Ukasiyako kachidutswa, chuku chitsatira. Ukadula m'mwamba kwambiri, wapha pophukira."

"Dulani ndinu, Aphunzitsi. Chonde."

"Ayi. Ndi mpunga wa amayi ako."

Suyun anapuma kamodzi, nkudula. Anaitsuka m'mankhwala ophera tizilombo, anaitsukuluza m'madzi ophikidwa, nkuibzala m'botolo latsopano. Kanali kanthu kosakwana chala chamkombaphala, kopanda muzu ndi umodzi womwe, kataima kokhakokha pakati pa phala.

"Kachira?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Chuku chikakhala kuti chinalowa mkati, tidzachiona chikutuluka. Chikapanda kutero, mwina kaphuka mizu. Pakadali pano usalonjeze munthu chilichonse."

Pomwepo panamveka kugogoda. Anali mlonda wa pageti.

"Tao Suyun alimo? Bambo ake ali panja. Akuti akwera basi yotsatira, sakanatha kudikira."

Suyun anayang'ana aphunzitsi ake. Iwo anali akupukuta kabati.

"Pita," anatero osatembenuka. "Ine sindikuperekeza. Ukawauze wekha, ndipo ukawauze zonse."

Anatuluka. Anadutsa Dehai atagwada pampopi akudzuma, anadutsa pansi pa nsalu yofiira ija.

Bambo Tao anaima pageti atavala jekete lawo lopitira kuukwati, matope a kadimba ka pakasupe akadali kunsapato. Paphewa anali ndi mtengo wonyamulira, ndipo uku ndi uku kunkalendewera madengu atsopano, m'kati mwake atayalamo udzu wonyowa kuti mbande zisafote panjira. Atamuona mwana wawo anamwetulira mano onse.

"Ndabwera ndi madengu awiri okha, Yun," anatero. "Akwana?"